Dandaulo likafika pa foni ya adimini

Meseji inalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ine nditagona chagada ndikuwerengera mamegabayiti amene anatsala pa bandulo yanga. Inachokera kwa mtsikana wina wa m'gulu lathu, mmodzi mwa anthu aja amene amagwira ntchito mwakachetechete, osayankhulayankhula.

"Achimwene, pepani ndakusokonezani usiku uno. Ndili ndi nkhani, koma chonde isatuluke."

Kenaka anatumiza zithunzi zitatu za macheza a pa foni. Choyamba ndinali nditachiona kale chifukwa zinachitikira pagulu. Mnyamata wina, katswiri wathu, ankamunena kuti nyumba zimene wajambula pa mapu zikuoneka ngati zitumbuwa zopondedwa, ndipo kuti anthu ena ntchito imene amaitha ndi kutsuka mbale basi. Anthu anaika tinkhope toseka. Inenso ndinaikapo kamodzi, sindibisa. Zithunzi ziwiri zinazo zinali za kumbali. Mnyamata yemweyo, usiku wa tsiku lomwelo, ankamuuza kuti ngati akufuna kuphunzira bwino abwere yekha kunyumba kwake. Atakana, mawu amene anatsatira sindingawalembe m'magazini imene amayi anga amawerenganso.

Yankho langa linali ili: "Achemwali, ameneyu mukumudziwa kale mmene alili. Mungomukhululukira, ine ndiyankhula naye."

Ndinazimitsa data n'kugona, mumtima ndikudziyamikira kuti ndathetsa nkhani mwaukulu. Sabata isanathe mtsikana uja anatuluka m'gulu. Anzake awiri anamutsatira, osatsanzika.

Gulu lake linali lotani

Linayamba pambuyo pa namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, pamene madzi ndi matope zinawononga midzi m'boma lathu la Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera. Tinali achinyamata ochepa ochokera pa Ndunde ndi midzi yozungulira, ena tili ku Blantyre, ena kumudzi. Chimene chinatikhudza n'chakuti ukatsegula mapu pa foni, umaona msewu ndi mayina awiri atatu, koma midzi yambiri imaoneka ngati thengo lopanda munthu. Ndiye wobweretsa thandizo, amene kuno sakukudziwa, adziwa bwanji kuti kutsidya kwa kamtsinje kuli nyumba?

Tinayamba kujambula nyumba, tinjira ta njinga, mijigo ndi milatho pa OpenStreetMap. Awa ndi mapu amene anayambitsidwa mu 2004 ndi Steve Coast ku Britain, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowonjezerapo kapena kukonza. Mapulogalamu amene timagwiritsa ntchito pojambula, monga JOSM, ndi a mtundu umene amati open source. Mwachidule, ndi pulogalamu imene malangizo ake a mkati sabisidwa: aliyense wodziwa akhoza kuwawerenga, kuwakonza ndi kugawira ena. Ineyo ndimaziyerekeza ndi mjigo wa m'mudzi. Aliyense amatungapo, koma pamafunika anthu ena odzipereka oti aziusamalira.

Mwina mukuti zimenezo ndi za anyamata a makompyuta, ine sizikundikhudza. Foni ya Android ili m'manja mwanuyo imayendera Linux, yomwe ndi open source. VLC imene mumaonera mafilimu ndi Firefox nazonso n'chimodzimodzi. Malipoti a pamwezi ochokera m'zipatala za boma m'Malawi muno amalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu ya open source imene ntchito yake imatsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway. Zonsezi zimamangidwa ndi magulu a anthu, ambiri osadziwana nkhope. Ndipo pamene pali anthu, pali mkangano. Funso limakhala lakuti mkanganowo ukabuka, dandaulo limapita kwa ndani, nanga iye amatani nalo?

M'gulu lathu linafika kwa ine, ndipo mwaona mmene ndinalichitira.

Zimene amalume anandiuza

Patapita milungu ingapo ndinapita kumudzi. Amalume anga akhala nkhoswe ya maukwati angapo, ndipo anthu amawatenga akamapita ku bwalo la amfumu chifukwa sapupuluma. Ndinawafotokozera nkhani yonse tili pakhonde, iwo akusenda nandolo. Za mapu sanazimvetse kwenikweni, koma za mlandu anazimva msanga.

"Mphwanga, munthu akabwera kudzadandaula, sanabwere kuti umuphunzitse kukhululuka. Kukhululuka amakudziwa kale. Wabwera kuti chinthucho chisiye. Iwe unachisiyitsa?"

Ndinati ndinamuyimbira mnyamatayo, tinacheza.

"Unamuuza kuti wadandaula ndani?"

Ndinakhala chete. Ndinali nditamuuza. Ndinamutumiziranso chithunzi chimodzi kuti asakane. Ndiye kuti mtsikana amene anandipempha kuti nkhani isatuluke, m'mawa mwake analandira meseji ina yomufunsa chifukwa chake akuneneza anthu.

"Nanga mnyamatayo ndi ndani wako?"

Ndinati ndi mnzanga wa ku sekondale, komanso ndi yekhayo amene ali ndi laputopu yabwino. Theka la nyumba zonse pa mapu athu anajambula ndi iye.

Amalume anaseka pang'ono. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Unkaopa kuswa mkhate. Komatu n'chifukwa chake nkhoswe sakhala mmodzi. Kuchimuna kumakhala wake, kuchikazi wake. Mlandu wa mnzako suuweruza wekha."

Zolakwa zanga zinali zitatu, ndipo amalume anazitchula zonse asanamalize lichero limodzi: ndinathamangira kukhululukitsa m'malo moletsa choipa, ndinaulula wodandaula, ndipo ndinaweruza mlandu wa mnzanga.

Khoswe wamkulu kuposa onse

Chimene chinanditonthoza pang'ono, ngakhale sichichotsa kulakwa kwanga, n'chakuti vuto lomweli lavutitsa magulu aakulu kwambiri padziko.

Linus Torvalds anayambitsa Linux mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Kwa zaka zambiri ankadziwika ndi zinthu ziwiri: nzeru zake pa ntchito ndi mawu ake olasa kwa anthu amene atumiza ntchito yolakwika. Ambiri ankangoti ndi mmene alili, mawu omwe aja ndinauza achemwali aja. Sage Sharp, katswiri amene ankasamalira gawo la USB 3.0 mu Linux, anadandaula poyera za chizolowezi chotukwanachi mu 2013, ndipo mu 2015 analengeza kuti wasiya kugwira ntchito ndi gululi. Munthu waluso anapita chifukwa cha pakamwa pa anzake.

Pa 16 Sepitembala 2018, Torvalds anapepesa poyera, anavomera kuti khalidwe lake lapweteka anthu, ndipo anayamba wapuma pa utsogoleri kwa milungu ingapo. Pa nthawi yomweyo Linux inakhazikitsa malamulo atsopano a khalidwe, otengera chikalata chotchedwa Contributor Covenant, chimene Coraline Ada Ehmke analemba mu 2014 ndipo magulu ambiri a open source amachigwiritsa ntchito. Torvalds anabwerera mu Okutobala chaka chomwecho. Linux sinagwe. Mkhate sunasweke.

Apa pali phunziro limene ine ndinaliphonya. Ndinkawerengera zimene tingataye mnyamata wa laputopu akakwiya. Sindinawerengere zimene tinali kutaya kale chifukwa cha iye. Anthu amene amachoka mwakachetechete saoneka pa chiwerengero chilichonse. Atsikana atatu aja ndi amene ankadziwa mijigo yonse ya kudera kwawo, wogwira ntchito ndi wakufa womwe, chifukwa ndi amene amatungako. Mnyamata uja, ndi laputopu yake, ankangoona madenga pa chithunzi cha m'mwamba.

Nkhanga zinapangana kusanapse

Gulu lililonse la banki m'khonde limene ndikulidziwa lili ndi malamulo olembedwa m'kope: wochedwa alipira zakuti, wojomba zakuti, woulula chinsinsi cha bokosi zakuti. Amayi aja salemba malamulowo chifukwa chodana. Amalemba tsiku loyamba, onse akusekerera, kuti tsiku la mkangano pasadzakhale wonena kuti mukundizonda. Ife ophunzira, a madigiri, tinayambitsa gulu opanda ngakhale mzere umodzi wonena zoyenera ndi zosayenera.

Malamulo a khalidwe safuna masamba khumi. Akungofunika kuyankha mafunso anayi. Kodi choletsedwa n'chiyani, potchula zinthu zenizeni monga kutukwana, kunyoza munthu chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo chake kapena poti ndi mkazi, kufunsira munthu mobwerezabwereza atakana, ndi kufalitsa nambala kapena zithunzi za mnzako? Kodi wolakwiridwa akadandaule kwa ndani? Kodi ayembekeze yankho pakapita masiku angati? Nanga wolakwa achitidwa chiyani?

Pa funso lomalizali, Contributor Covenant, mu mtundu wake wachiwiri, ili ndi makwerero anayi amene ndimawakonda chifukwa akufanana ndi mmene akuluakulu kwathu amachitira. Loyamba ndi kudzudzula pambali: umamuuza munthu chimene walakwa ndi chifukwa chake, mwina n'kumupempha kuti apepese. Lachiwiri ndi chenjezo, limene limabwera ndi lamulo lakuti asayankhule ndi wodandaulayo kwa nthawi yakutiyakuti. Lachitatu ndi kuimitsidwa kwa kanthawi. Lachinayi ndi kuchotsedwa kotheratu, kwa munthu amene wasonyeza kuti ndi chizolowezi chake kapena wachita chinthu choopsa. Sikuti mlandu uliwonse umayambira pansi. Nthabwala ya zitumbuwa ija ikanathera pa khwerero loyamba. Mameseji a usiku aja ayi, amenewo anali a pamwamba.

Ubwino wa makwerero ndi wakuti adimini sakhala ndi zida ziwiri zokha, kungoyang'ana kapena kuchotsa munthu. Ma adimini ambiri a magulu athu a WhatsApp amalekerera chinthu mpaka chitawola, kenaka tsiku lina atapsa mtima amachotsa munthu pakati pa usiku popanda kufotokoza. Zonse ziwirizi zimapha gulu.

Likafika dandaulo, uchite chiyani?

Izi ndi zimene ndikanachita usiku uja ndikanadziwa.

Yamba ndi kuvomera kuti walandira. "Ndamva, zikomo pondiuza, ndikuyankhani pofika Lachitatu." Osaweruza, osalonjeza chilango, osapereka ulaliki wa chikhululukiro.

Funsa wodandaulayo chimene akufuna komanso chimene akuopa. Ena amafuna kuti munthuyo angosiya. Ena amafuna kupepesedwa. Ena amangofuna kuti nkhani ilembedwe penapake, kuti zikadzachitikiranso wina zidzadziwike kuti sikoyamba. Usanachite chilichonse chimene chingamuulule, mufunse kaye. Pa Ndunde tonse timadziwana. Amene wamunenezayo mukumana naye mawa pa msika kapena pa siteji ya njinga, ndipo mwina azakhali ake ndi anansi a amayi ako. Chinsinsi kuno si mwambo chabe, ndi chitetezo.

Sunga umboni, koma osaufalitsa. Zithunzi za macheza zikhale kwa anthu oweruza okha. Zikangolowa m'gulu, mlandu umasanduka mpira: awa mbali iyi, awo mbali iyo, ndipo amene amayankhula mokweza ndi amene amapambana.

Ngati mmodzi mwa awiriwo ndi mnzako, m'bale wako kapena chibwenzi chako, tuluka mu mlanduwo. N'chifukwa chake olandira madandaulo ayenera kukhala osachepera awiri, ndipo mmodzi akhale mkazi. Pali nkhani zimene mtsikana sangauze mnyamata, ngakhale atakhala wabwino mtima chotani.

Kenaka umve mbali inayo. Apa ndipamene ena a inu mundikwiyire.

Woimbidwa mlandu nayenso ndi munthu

Malamulo a khalidwe akhoza kusanduka chibonga m'manja mwa adimini wokondera. Tawaonapo ma adimini amene amati kutsutsa maganizo awo ndi mwano. Kuuza munthu kuti msewu wajambula molakwika si chipongwe, ndi ntchito. Wakutsina khutu ndi mnansi. Chimene timaletsa ndi kusiya msewuwo n'kuyamba kunena za munthuyo.

Mu Ogasiti 2024, atsogoleri a Python, chiyankhulo cha makompyuta chimene ophunzira ambiri amayambira, anaimitsa kwa miyezi itatu Tim Peters, mmodzi mwa akatswiri akalekale a gululi, potsatira malangizo a komiti yawo ya khalidwe. Nkhaniyi inagawa anthu. Ena anati malamulo agwira ntchito posayang'ana nkhope. Ena anati zifukwa zimene zinaperekedwa sizinali zokwanira kulanga munthu chotero. Sindiweruza pano kuti analondola ndani. Chimene ndikutolapo n'chakuti chigamulo, ngakhale chitakhala cholondola, chimasiya bala ngati anthu sakumvetsa mmene chafikiridwa.

Choncho woimbidwa mlandu auzidwe chimene akuti wachita, m'mawu omveka, ndi lamulo limene waphwanya. Apatsidwe mpata woyankha. Chigamulo chikaperekedwa, adziwe kutalika kwake ndi kumene angakadandaule ngati sakukhutira. Ngakhale kumudzi, wosakhutira ndi chiweruzo cha nyakwawa amapita kwa gulupu, ndipo akhoza kufika mpaka kwa mfumu yaikulu. Gulu la pa foni lisakhale lankhanza kuposa bwalo la pansi pa mtengo.

Nanga oweruzawo amawaweruza ndani? Mu Novembala 2021, komiti yonse yosungitsa mwambo m'gulu la Rust, chiyankhulo china cha makompyuta, inatula pansi udindo tsiku limodzi. Chifukwa chimene inapereka n'chakuti atsogoleri apamwamba a gululi sankayankha kwa wina aliyense koma kwa iwo okha, moti malamulo sakanatha kugwira ntchito pa iwo. Pambuyo pake gululi linakonzanso utsogoleri wake wonse, ndipo mu 2023 linakhazikitsa khonsolo yatsopano. Lamulo limene limaluma ana okha, akuluakulu n'kumalidumpha, anthu amasiya kulikhulupirira. Ngati dandaulo lili lokhudza adimini mwiniwake, pakhale munthu wina wolilandira, ndipo dzina lake lidziwike lero, nkhani isanabuke.

Pamene gulu liyenera kuvomera kuti zalikulira

Pali milandu ina imene si ya adimini. Munthu akamaopseza mnzake, akamamulondalonda, akamafalitsa zithunzi zake zachinsinsi kapena kumutumizira zolaula atakana, nkhaniyo yadutsa malire a gulu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu kudzera pa foni kapena kompyuta. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza. Ntchito ya adimini pamenepa ndi kumuuza wodandaula kuti njirazi zilipo, kusunga umboni bwino, ndi kumuperekeza ngati wafuna. Kusankha kupita kapena kusapita ndi kwake. Chimene adimini sayenera kuchita ndi kumunyengerera kuti akhale chete pofuna kuteteza mbiri ya gulu.

Ndipo nanunso ma adimini, dzisamaleni. Ntchito yolandira madandaulo imatopetsa, ilibe malipiro, ndipo mbali zonse ziwiri zimatha kukuda. Muzisinthana, chaka chino awa, chaka chamawa ena. Mutu umodzi susenza denga.

Mmene zinathera kwathu

Nditabwerako kumudzi ndinaitanitsa msonkhano wa amene anatsala. Tinalemba malamulo athu m'Chichewa, tsamba limodzi, n'kuwaika pamalo pamene aliyense wolowa m'gulu amayamba wawaona. Tinasankha anthu atatu olandira madandaulo, awiri mwa iwo akazi. Ine sindili m'gulu la atatuwo, ndipo ndi bwino choncho.

Atatuwo analankhula ndi mnyamata uja, atapempha kaye chilolezo kwa mwini nkhani. Anamva mbali yake. Za pagulu anati inali nthabwala, za kumbali sanakane. Anamuimitsa kwa miyezi iwiri ndi kumuletsa kumulemberanso mtsikanayo. Anakwiya, anatuluka yekha, ndipo kwa kanthawi ntchito inayenda pang'onopang'ono ndithu. Tinkabwerekana laputopu imodzi yokalamba imene batire yake imatha usanamalize mudzi. Pambuyo pake anabwerera, ndipo mpaka lero sitinalandirenso dandaulo lokhudza iye. Ine ndi iye timapatsana moni, koma sitichezanso ngati kale. Umenewo ndi mtengo wake, ndipo ndaulandira.

Mtsikana uja ndinamulembera kupepesa, osati m'malo mwa mnyamatayo koma pa zanga: kankhope koseka kaja, yankho lija, ndi chinsinsi chimene ndinaulula. Anayankha patapita masiku awiri.

"Zikomo achimwene, ndamva. Koma mtima unachokamo kale."

Sanabwerere. OpenStreetMap imasunga mbiri ya chilichonse chimene munthu wajambula, dzina lake ndi tsiku lake. Nthawi zina ndimatsegula dera limene ankagwirako. Nyumba zake zilipo, ndipo zoona, zina ndi zokhotakhota pang'ono monga zimakhalira za aliyense wongoyamba kumene. Zimafika pa kanjira kena n'kuima pomwepo. Kutsidya kwa kanjirako kuli mabanja, ndinafikako ndi njinga, koma pa mapu mpaka lero palibe kanthu.

Ngati ndinu adimini wa gulu lililonse, kaya la mapulogalamu, la kwaya, la anzanu a ku koleji kapena la chiperegani, tsegulani foni yanu lero mudzifunse: munthu wamanyazi kwambiri m'gulu muno atalakwiridwa usiku uno, akudziwa woti amuuze? Ngati yankho ndi ayi, yambirani pamenepo. Ndipo ngati munatulukapo m'gulu mwakachetechete chifukwa dandaulo lanu linathera pa "mungomukhululukira", tilembereni, mayina sititchula. Tikumanenso sabata yamawa.